Ulendo wa Agalu a ku Nome ndi Phunziro Lake kwa Oyenda Maulendo Achifundo

Nyengo ya chisanu ikafika ku maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumapezeka anthu amene amalengeza kuti ayenda ulendo wautali pamodzi ndi agalu awo n'cholinga chosonkhetsa ndalama zothandizira odwala, ana amasiye kapena nyama zosowa mwini. Ena amakwera galimoto, agalu ali kumbuyo, ndi kutsata misewu monga Alaska Highway, umene udamangidwa m'chaka cha 1942 ndipo ndi wotalika mamailosi pafupifupi 1,400. Ena amamanga agaluwo ku chileyi ndi kulowera m'chipululu cha chipale kumene kulibe msewu. Anthu akamva za ulendo wotere amaombera m'manja ndi kupisa m'thumba, pakuti cholinga chake n'chokoma m'makutu. Komatu ulendo wachifundo suyenera kuyesedwa ndi cholinga chake chokha. Uyenera kuyesedwa ndi makonzedwe ake, ndi mmene agalu asamalidwira pa njira ndi pambuyo pake, ndiponso ndi kumene ndalama zathera. Mbiri ya ulendo wa agalu wa ku Nome, m'dziko la Alaska, imene idachitika m'chaka cha 1925, ikuonetsa bwino chifukwa chake.

Nome ndi tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Bering, ndipo mpaka lero palibe msewu woilumikiza ndi mizinda ikuluikulu ya Alaska. M'chaka cha 1925 mudali anthu pafupifupi 1,400, ndipo dokotala adalipo mmodzi yekha, dzina lake Curtis Welch, amene ankathandizidwa ndi anamwino owerengeka. Nyanja ikaundana, sitima zinkaleka kufika kwa miyezi yambiri. M'mwezi wa Januwale chaka chimenecho dokotalayu adazindikira kuti ana ena amene ankadandaula zilonda za pakhosi adali ndi nthenda ya diphtheria. Nthendayi imayambitsidwa ndi tizilombo timene timaika nembanemba yokhuthala pakhosi kotero kuti mwana amalephera kupuma, ndipo poizoni wake amaononga mtima ndi mitsempha. Mankhwala ake adali atadziwika kale. Ndi seramu yotengedwa m'magazi a akavalo, ndipo Emil von Behring wa ku Germany adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1901 chifukwa cha ntchito imeneyi. Vuto lidali lakuti seramu imene idali ku Nome idali itatha mphamvu. Dokotala adaitanitsa ina chaka cha 1924, koma doko lidatsekeka isanafike.

Anthu a m'deralo adali asanaiwale mliri wa chimfine wa m'zaka za 1918 ndi 1919 umene udapulula eni nthaka ambiri m'midzi yozungulira. Tsono pa 22 Januwale dokotala adatumiza telegalamu yopempha mayunitsi miliyoni imodzi a seramu, ndipo tauni yonse idabindikiritsidwa. Ku chipatala cha kampani ya njanji ku Anchorage kudapezeka mayunitsi pafupifupi 300,000. Adawakulunga bwino, phukusi lonse lolemera makilogalamu asanu ndi anayi, ndi kuwakweza sitima ya pamtunda mpaka ku Nenana. Kuchokera pamenepo kukafika ku Nome padatsala mamailosi 674, amene ndi makilomita 1,085, opanda njanji ndi msewu womwe.

Padabuka mkangano. Ena adafuna kuti mankhwala apite pa ndege, pakuti ndege ndiyo idali chinthu chatsopano chimene aliyense ankachitamanda. Koma ndege zimene zidalipo zidali zakale, zopanda denga pamwamba pa woyendetsa, za injini zoziziritsidwa ndi madzi, ndipo dzuwa m'nyengo imeneyo limangooneka maola ochepa. Ndege ikadagwa, seramu yonse ikadatayika. Bwanamkubwa wa Alaska, Scott Bone, adagamula kuti mankhwala apite ndi agalu, potsata njira imene amtengatenga a makalata ankayendamo. Makalata ankatenga pafupifupi mwezi wathunthu pa njira imeneyo. Seramu idatenga maola 127 ndi theka, ndiye kuti pafupifupi masiku asanu ndi theka. Idanyamuka ku Nenana usiku wa pa 27 Januwale ndi kufika ku Nome m'bandakucha wa pa 2 Febuluwale.

Liwiro limeneli lidachokera m'kagawidwe ka ntchito. Ulendowo udayendedwa ndi amuna makumi awiri ndi agalu pafupifupi 150, mofanana ndi mpikisano wa ana a sukulu wopatsirana kamtengo. Ambiri mwa iwo adayenda mamailosi pafupifupi makumi atatu okha, m'chigawo chimene ankachidziwa bwino chifukwa ndimo ankayenda masiku onse, ndipo wina ankakhala akudikira kutsogolo ndi agalu opuma. M'mbali mwa njira mudali nyumba za alendo momwe ankalowetsa seramu kuti ifundeko isanapitirire. Palibe chimene chidayambidwa tsiku limenelo. Njira, nyumba, agalu ozolowera ndi anthu odziwa malo zonse zidalipo kale chifukwa cha ntchito ya makalata, ndipo boma lidangozilumikiza. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Munthu amene akukonza ulendo wachifundo lero, nafuna kuuyenda yekha kuchokera koyamba mpaka kumapeto kuti dzina lake limveke, ayenera kudzifunsa ngati akutumikira odwalawo kapena akutumikira mbiri yake. Ngati katundu kapena uthenga ungafike msanga pogawana njira ndi ena, kukana kugawana ndi dyera lovala chovala cha chifundo.

Mfundo yachiwiri ikuchokera pa cholakwika chimene chidatsala pang'ono kuononga zonse. Poyamba padakonzedwa kuti Leonhard Seppala, katswiri wa zileyi wobadwira ku Norway, anyamuke ku Nome ndi kukakumana ndi seramu pakati pa njira, ku Nulato. Iye atanyamuka, akuluakulu adasintha maganizo ndi kuonjezera oyendetsa ena kuti ulendo ufulumire. Kusinthako kudali kwanzeru, koma m'midzi imene Seppala ankadutsa mudalibe lamya, motero uthenga sudamupeze. Pa 31 Januwale, pafupi ndi Shaktoolik, adaona munthu ataima ndi agalu osokonekera, ndipo adafuna kumupitirira poganiza kuti seramu idakali kutali. Munthuyo adali Henry Ivanoff, ndipo seramu idali pa chileyi chake. Akadapanda kufuula ndi kumuthamangira, awiriwo akadasemphana.

Zofananazo zidachitikanso kumapeto. Mphepo itakula, a ku Nome adatumiza uthenga kuti ulendo uime mpaka nyengo ikhale bwino. Gunnar Kaasen, amene adanyamula seramu kuchokera ku Bluff, adadutsa mudzi wa Solomon osauona chifukwa cha chipale chouluka, kotero uthengawo sadaulandire. Ed Rohn, amene ankayenera kumulandira pa chigawo chomaliza, adaulandira nagona, pokhulupirira kuti mnzakeyo waima. Kaasen adafika usiku, adapeza nyumba ili mdima, ndipo adapitirira yekha mpaka ku Nome, mamailosi 53 onse pamodzi. Pa njira mphepo idagubuduza chileyi chake, phukusi lidagwera m'chipale, ndipo adalifufuza mumdima ndi manja osavala. Zinthu zidatha bwino, koma zidatha bwino mwamwayi. Wokonza ulendo asamange chiyembekezo chake pa mwayi. Ayenera kulemba pasadakhale kuti adzagona kuti usiku uliwonse, ndani akudziwa za kumene ali, adzamva bwanji ngati makonzedwe asintha, ndipo ndani adzayamba kumufunafuna akapanda kufika pa ola loikika. Foni za m'manja za masiku ano sizichotsa udindo umenewu, pakuti m'misewu yaitali ya kumpoto muli zigawo zikuluzikulu zopanda netiweki, ndipo batire imatha msanga pakazizira.

Mfundo yachitatu ikukhudza agalu eni ake. Munthu amasankha yekha kuyenda ulendo, koma galu sasankha. Woyamba kunyamuka ku Nenana, Bill Shannon, adayamba ulendo kukuzizira madigiri 46 pansi pa ziro pa muyeso wa Celsius, ndipo usiku womwewo kudafika madigiri 52 pansi pa ziro. Adanyamuka ndi agalu asanu ndi anayi. Atatu adawasiya pa njira ali ofooka, ndipo pambuyo pake adafa. Nkhope yake idapsa ndi chisanu. Charlie Evans adanyamuka osaphimba ndi zikopa za kalulu malo a pansi pa mimba ya agalu ake awiri otsogolera, kumene ubweya umachepa, ndipo agaluwo adauma ndi kugwa, mpaka iye mwini adalowa kutsogolo kukathandiza kukoka chileyi. Charlie Olson, pa chigawo cha pakati pa Golovin ndi Bluff, adaima mkati mwa mphepo navula magolovesi kuti afunditse agalu ake, ndipo zala zake zidaonongeka. Kusiyana kwa galu wamoyo ndi galu wakufa kudali kachikopa kakang'ono ndi mphindi zochepa za chisamaliro.

N'chifukwa chake mpikisano wa Iditarod, umene udayamba m'chaka cha 1973 pa khama la Joe Redington ndi Dorothy Page, ndipo umathera ku Nome pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 1,000, uli ndi malamulo okhwima. Woyendetsa aliyense amayenera kunyamula nkhwangwa, thumba logonamo, chophikira chosungunulira chipale kuti agalu amwe madzi, ndi tinsapato tansalu toteteza mapazi a galu aliyense ku madzi oundana amene amacheka ngati galasi. Amayenera kupuma maola 24 pa malo amodzi, ndiponso maola asanu ndi atatu kawiri. Madokotala a ziweto amayeza agalu pa malo opumulira, ndipo galu wodwala amasiyidwa m'manja mwao. Galu wokoka chileyi pa ulendo wotere amafuna chakudya chopatsa mphamvu yopitirira makalori 10,000 pa tsiku, chimene ndi pafupifupi kanayi kuposa chimene munthu wamkulu amadya. Pali ngakhale mphotho yotchedwa ndi dzina la Seppala yopatsidwa kwa amene wasamala bwino agalu ake. Ndi malamulo onsewa, agalu atatu adafa pa mpikisano wa m'chaka cha 2024, ndipo mabungwe oteteza nyama akhala akutsutsa mpikisanowu kwa zaka zambiri. Ngati imfa ikupezeka kumene kuli madokotala ndi malamulo, n'chapafupi kuganiza zimene zingagwere agalu a munthu wongodalira mtima wake wabwino.

Amene akuyenda pa galimoto asaganize kuti zimenezi sizikuwakhudza. Galimoto yoima pa chisanu imazizira ngati firiji, ndipo galu wa ubweya waufupi, mwana wa galu kapena galu wokalamba sapirira monga apiririra agalu a mtundu wa husky. Mchere umene amawaza m'misewu kuti usungunule madzi oundana umaotcha mapazi a galu, kotero mapaziwo ayenera kupukutidwa galu akalowa m'galimoto. Mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana amatsekemera m'kamwa mwa galu, koma pang'ono pokha amaononga impso ndi kupha. Galu wosamangidwa kapena wosaikidwa m'bokosi lake amaponyedwa kutsogolo galimoto ikaterereka. Pa malire a maiko amafunsa chikalata cha katemera wa chiwewe, ndipo nyumba zina za alendo zimatseka nyengo ya chisanu kapena sizilola agalu. Zonsezi n'zinthu zofunsiratu miyezi ingapo ulendo usanayambe, pakuti safunsa adadya phula.

Pali amene angatsutse ponena kuti ulendo wa ku Nome udatheka chifukwa anthu adalimba mtima ndi kuswa malamulo a chenjezo. Adzatchula Seppala, amene atalandira seramu adasankha kudutsa pa madzi oundana a Norton Sound usiku, mphepo ikuomba, m'malo mozungulira gombe, pofuna kupulumutsa tsiku lathunthu. Tsiku limenelo agalu ake adayenda mamailosi 84. Adzanena kuti munthu woopa zonse sachita kanthu, ndipo kuti odwala sangadikire mpaka zonse zikhale m'malo mwake. Mawuwa ali ndi choonadi, ndipo sayenera kunyozedwa. Koma pali zinthu ziwiri zimene otsutsawa amaiwala. Choyamba, Seppala sadalowe pa nyanjayo mwachimbulimbuli. Adali atadutsapo kambirimbiri, ankadziwa mmene mphepo imang'ambira madzi oundana, ndipo kutsogolo kwa agalu ake kudali Togo, galu wa zaka 12 amene adayenda naye kuyambira ali kamwana. Kulimba mtima kwake kudakhala pa maziko a zaka zambiri za kuphunzira. Galu wamkota sakandira pachabe.

Chachiwiri, ndipo chachikulu, n'chakuti kumapeto kwa njira ya 1925 kudali ana amene ankabanika pakhosi, ndipo tsiku limodzi lochedwa lidali ndi mtengo wa moyo. Pamenepo munthu akhoza kuika moyo wake ndi wa agalu ake pachiswe, ndipo palibe angamudzudzule. Ulendo wosonkhetsa ndalama uli ndi chikhalidwe china. Ndalama zimene zalonjezedwa sizitha mphamvu ulendo ukaima masiku awiri kudikira mphepo. Palibe mwana amene adzafa chifukwa woyendayo wagona pa nyumba ya alendo. Tsono munthu amene akakamiza agalu otopa kuti afike pa tsiku limene atolankhani akumuyembekezera sangabwereke ulemu wa Seppala. Iye akuika nyama pangozi chifukwa cha chithunzi cha m'nyuzi. Wokonza ulendo wanzeru amalemberatu, asananyamuke, kuti pa kuzizira kotani kapena pa chizindikiro chanji cha galu ulendo udzaima, ndipo amapatsa munthu wina mphamvu youimitsa, pakuti amene ali pa njira, ndi maso a anthu pa iye, saona bwino.

Kukonzekera kokha nakonso sikukwanira ngati agalu akuwerengedwa ngati mafuta a galimoto. Roald Amundsen wa ku Norway, amene adafika koyamba ku South Pole pa 14 Disembala 1911, amatamandidwa ngati mkonzi wa maulendo wosafanana ndi wina, ndipo anthu ake onse adabwerera amoyo pamene Robert Scott ndi anzake anayi adafera pa njira. Koma Amundsen adanyamuka ndi agalu 52 ndi kubwera ndi 11 okha. Ambiri adaphedwa mwadala, monga mwa makonzedwe ake, kuti akhale chakudya cha anzao ndi cha anthu. Iye sadanene kuti ulendo wake udali wachifundo, ndipo nthawi yake idali ina. Koma munthu amene akupempha ndalama kwa anthu m'dzina la chifundo sangatsate masamu amenewo. Chifundo chimene chimapulumutsa wina kutali pozunza nyama imene ili pafupi n'chopunduka, ndipo opereka ali ndi ufulu wofunsa kuti agalu angati adanyamuka ndipo angati adabwerera ali bwino.

Mfundo yachinayi ndi ya zimene zimachitika ulendo utatha, ndipo apa mbiri ya ku Nome ndi yochititsa manyazi. Nyuzi za ku America zidafuna ngwazi imodzi, ndipo zidatenga amene adaoneka pa khomo pomaliza: Kaasen ndi galu wake wotsogolera, Balto. M'mwezi wa Disembala 1925 chiboliboli cha Balto chidaimikidwa ku Central Park mu mzinda wa New York, ndipo chilipobe. Togo, amene pamodzi ndi anzake adayenda mamailosi pafupifupi 260 powerengera ulendo wopita kukachingamira seramu, ndi kuinyamula mamailosi 91 pa chigawo choopsa koposa, adatchulidwa pang'ono chabe, ndipo Seppala adadandaula za zimenezi moyo wake wonse. Koma oiwalika koposa adali eni nthaka a mtundu wa Athabascan ndi a m'mbali mwa nyanja, amene adayenda gawo lalikulu la njira: anthu monga Johnny Folger, Sam Joseph, Titus Nikolai, Edgar Nollner ndi mbale wake George, Victor Anagick ndi Myles Gonangnan. Maina awo sadamveke ku New York. Edgar Nollner, womaliza mwa amuna makumi awiriwo, adamwalira m'chaka cha 1999.

Kutchuka sikudamuthandize ngakhale Balto. Atayendetsedwa m'mizinda kuti anthu amuone, iye ndi anzake adagulitsidwa kwa munthu wa zionetsero zotchipa ku Los Angeles, kumene adasungidwa omangidwa m'chipinda, odwala ndi owonda. M'chaka cha 1927 munthu wamalonda wa ku Cleveland, George Kimble, adawapeza momwemo, ndipo anthu a mumzinda wake, kuphatikizapo ana a sukulu, adasonkha madola 2,000 m'masiku khumi kuti awaombole. Agalu asanu ndi awiri adapita ku Cleveland kumene adasamalidwa pa malo osungira nyama, ndipo Balto adafa m'chaka cha 1933. Agalu amene adathandiza kupulumutsa tauni adafunika kupulumutsidwa patangopita zaka ziwiri. Chomwecho wokonza ulendo ayenera kuyankha asananyamuke kuti agaluwo adzakhala kuti zithunzi zitatha kujambulidwa, ndani adzalipira dokotala wa ziweto wina akavulala, ndipo maina a amene adampatsa pogona, amene adamulozera njira ndi amene adamubwereka agalu adzalembedwa pati.

Chotsala ndi nkhani ya ndalama, imene anthu amaichitira manyazi. Ulendo wautali wa m'chisanu umadya ndalama zambiri: mafuta, matayala a chisanu, chakudya cha agalu, mankhwala, malo ogona. Ngati zonsezi zichotsedwa pa zopereka, n'kutheka kuti odwala adzalandira nyenyeswa pamene woyendayo waona dziko pa thumba la ena. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yolungama ndi yakuti woyenda adzilipirire yekha ulendo kapena apeze womulipirira padera, zopereka zipite molunjika ku bungwe lothandizidwa osadzera m'thumba mwake, ndipo pomaliza asindikize zonse zimene zidalowa ndi zimene zidatuluka. Lamuloli silikusiyana ndi limene liyenera kutsatidwa pa ulendo wa pansi wosonkhetsa ndalama za tchalitchi kapena za buloko ya sukulu m'Malawi muno. Mphunzitsi amene akutsogolera ana pa ulendo wotere adzawaphunzitsa zambiri powaonetsa buku la ndalama kusiyana ndi powagulira malaya olembedwa dzina la ulendowo.

Pali phunziro lina lobisika m'chiyambi cha nkhaniyi. Ulendo wonsewo udafunika chifukwa mankhwala sadafike sitima yomaliza isanachoke. Seramu ikadafika m'chaka cha 1924, sipakadakhala chiboliboli ku New York, ndipo ana amene adafa ku Nome, amene boma lidawerenga asanu, asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri koma dokotala Welch adakhulupirira kuti m'midzi ya eni nthaka adali ochuluka, mwina akadakula. Masiku ano diphtheria imapewedwa ndi katemera amene ana amalandira ali makanda, ndipo m'Malawi muno alangizi a zaumoyo amanyamula katemerayu m'mabokosi ozizira, nthawi zambiri pa njinga, kupita ku masikelo a m'midzi. Mdani wao wamkulu ndi dzuwa, pamene wa ku Alaska chidali chisanu, koma ntchito ndi yomweyo: kufikitsa kabotolo kosalimba kumapeto kwa njira kasanaonongeke. Iwo amachita zimenezi mwezi ndi mwezi popanda mtolankhani, ndipo chifukwa cha iwo maulendo a ngozi safunika. Wophunzira amene wamaliza sukulu nalakalaka kuchita chachikulu chothandiza anthu ayenera kudziwa kuti ntchito yopewa ngozi ndi yaikulu kuposa ntchito yothamangira ngozi itagwa, ngakhale kuti yoyambayo siimbidwa nyimbo.

Izi sizikutanthauza kuti maulendo achifundo ndi achabe. Ulendo wokonzedwa bwino umakopa maso a anthu ku vuto limene akadaliiwala, ndipo agalu ali ndi mphamvu yotsegula mitima ndi zikwama kumene kalata yopempha thandizo ikadalephera. M'chaka cha 2025, patatha zaka 100 chichitikire ulendo wa seramu, mpikisano wa Iditarod udayambira ku Fairbanks ndi kudzera ku Nenana, chifukwa pa njira yake ya masiku onse padasowa chipale chokwanira. Okonza mpikisanowo adasintha njira poona kuti nthaka youma ikadavulaza agalu ndi anthu, ndipo adalengeza kusinthako nthawi ilipo. Chimenechi ndi chitsanzo chabwino kwa aliyense wokonza ulendo: njira imene idalembedwa pa pepala iyenera kugonjera nyengo imene ili kunja.

Tsono amene apemphedwa kupereka ndalama ku ulendo wotere ali ndi mafunso oyenera kufunsa asanatulutse kanthu. Njirayo yagawidwa bwanji, ndipo woyendayo adayendapo kale m'chisanu chotere? Agaluwo ayezedwa ndi dokotala, ndipo ndi a mtundu wopirira kuzizira? Ndani ali ndi mphamvu yoimitsa ulendo? Ndalama za mafuta zikuchokera kuti? Agaluwo adzakhala kuti mwezi wa Epulo? Wokonza ulendo woona mtima sadzakhumudwa ndi mafunso amenewa, pakuti adzakhala atadzifunsa kale. Amene adzayankha pongotchula kukoma kwa cholinga chake ndiye kuti sanakonzeke, ndipo ndi bwino ndalamazo zipite molunjika ku chipatala kapena ku bungwelo, agalu ake atsale kunyumba.